Kusankha chikwama chakumsana cha tizilombo chopatsa munthu wokonda zachilengedwe

Funso ili limabwera kambirimbiri, kuchokera kwa makolo, kwa abwenzi, ngakhale kwa aphunzitsi: "Ndili ndi munthu wokonda zachilengedwe, ndikufuna kumugulira chikwama chakumsana cha agulugufe kapena njuchi. Ndisankhe chotani?" Yankho lake silikwana m'mawu awiri, ndiye ndalilemba pano kamodzi kuti wolifuna alipeze.

Chovuta n'chakuti chikwama cholimba ndi chithunzi choona cha kachilombo sizipezeka pamodzi kawirikawiri. Opanga zikwama zoyendera m'tchire amalimbikira nsalu ndi malamba koma sajambulapo kanthu. Opanga zikwama zokongoletsa amalimbikira chithunzi, nsalu n'kukhala yopyapyala, zipi yosachedwa kuyasama, ndipo gulugufe wakeyo nthawi zina amakhala woti m'chilengedwe mulibemo. Munthu amene amatha ola lathunthu atagwada kuyang'ana nyerere adzazindikira zonse ziwiri. Choncho yambani ndi chikwama, kachilombo kabwere pambuyo, ndipo zikakanika kupezeka pamodzi muzilumikize nokha monga ndafotokozera pa nambala 7.

1. Dziwani munthuyo

Mwana wa zaka 4 wothamangitsa ziwala, mlimi wa njuchi, wophunzira sayansi ya tizilombo ndi munthu wojambula atombolombo ndi kamera m'mbali mwa madzi, onsewa amakonda zachilengedwe, koma chikwama chimodzi sichingawayenere onse. Musanayambe n'komwe kuyang'ana zikwama, yankhani mafunso atatu: ali ndi zaka zingati, chikwamacho azipita nacho kuti, ndipo ndi kachilombo kati kamene sikachoka pakamwa pake.

Funso lachitatuli ambiri amalidumpha, n'kungogula cha gulugufe poganiza kuti gulugufe amakondedwa ndi aliyense. Okonda tizilombo ambiri ali ndi gulu lawolawo. Wokonda zikumbu akalandira agulugufe amathokoza ndithu, koma amadziwa kuti simunamumvetsere. Onani zithunzi zimene amatumiza pafoni, mabuku amene amawerenga, ndi kachilombo kamene amakatola n'kukatulutsa panja m'malo mokapha. Ngati ndi munthu wamkulu amene azipita nacho kuntchito, kachilombo kamodzi pathumba lakutsogolo kamaposa chikwama chodzaza thoo ndi zithunzi, chimene angachite nacho manyazi n'kuchisiya kunyumba.

2. Pezani kukula koyenera msana wake

Kukula kwa chikwama kumayezedwa ndi malita. Mwana wa zaka 3 mpaka 5 zimamukwanira za malita 6 mpaka 10. Mwana wa kupulayimale amafunika cha malita 12 mpaka 18. Munthu wamkulu woyenda m'tchire tsiku limodzi, atanyamula madzi, jekete, kamera ndi buku, amafunika cha malita 20 mpaka 30. Kugulira mwana chachikulu poganiza kuti akula nacho ndi kulakwitsa kofala. Chimalendewera m'munsi, chimamukokera kumbuyo, iye n'kumayenda chowerama kuti asagwe.

Kwa mwana, chikwama chisapose msana wake m'lifupi, pamwamba pake pasapitirire mapewa, ndipo pansi pake pasatsike kupitirira masentimita 10 kuchokera m'chiuno. Malangizo ambiri a zaumoyo amati chikwama pamodzi ndi katundu wake chisapose magawo 10 mpaka 15 pa 100 a kulemera kwa mwanayo. Mwana wa makilogalamu 20 ndiye kuti anyamule makilogalamu 2 kapena 3 basi. Apa m'pamene zikwama zachigoba cholimba, zopangidwa mooneka ngati chikumbu, zimagwa nazo: chopanda kanthu chikalemera magalamu 800, mukaikamo botolo la madzi theka la lita mwatha kale gawo lalikulu la muyezowo. Cha mwana wamng'ono chikhale pansi pa magalamu 500 chili chopanda kanthu.

Kwa munthu wamkulu, chofunika si kutalika kwake konse koma kutalika kwa msana. Amayeza kuchokera pa fupa lotumphuka kumbuyo kwa khosi munthu akaweramitsa mutu, kutsika mpaka pa mzere wa pamwamba pa mafupa a m'chiuno. Anthu awiri ofanana msinkhu angathe kusiyana msana ndi masentimita angapo. Popeza iyi ndi mphatso, simungabwere ndi tepi n'kuyamba kumuyeza. Yezani chikwama chimene amagwiritsa kale ntchito mosadandaula, kuchokera pamene malamba a m'mapewa asokeredwa mpaka pansi, n'kufuna chofanana nacho. Apo ayi, gulani chimene malamba ake amasunthika kukwera ndi kutsika. Chikwama chaching'ono chosapitirira malita 20, chopanda lamba wa m'chiuno, sichivuta kwenikweni. Chokhala ndi lamba wa m'chiuno wonenepa ndicho chimafuna muyezo weniweni, chifukwa lambayo akapanda kukhala pa mafupa a m'chiuno katundu yense amabwerera m'mapewa. Lisiti sungani.

3. Yang'anani nsalu, zipi ndi misoko

Pa chikalata cha chikwama mudzaona nambala yotsatana ndi chilembo D, monga 600D. D ameneyu akuimira denier, muyezo wa kunenepa kwa ulusi: ndi kulemera, m'magalamu, kwa ulusi wotalika mamita 9,000. Nambala ikakwera, ulusi ndi wonenepa. Poliyesitala wa 600D ndi wokwanira kusukulu ndi maulendo a tsiku limodzi. Nayiloni wa 420D ndi wopepuka koma wolimba bwino, chifukwa nayiloni amaposa poliyesitala mphamvu ulusi wake ukakhala wofanana. Wa 1000D, monga wa Cordura, ndi wa munthu wokwawa m'miyala ndi m'minga, koma mwana umamulemera. Wogulitsa akapanda kutchula nambala imeneyi ngakhale mtundu wa nsalu, chenjerani.

Tsegulani chikwama, mukhudze kuseri kwa nsalu. Mukamva poterera ngati papakidwa pulasitiki woonda, umenewo ndi utoto wa PU (polyurethane) umene umatchinga madzi. Umateteza ku mvula yowaza, koma madzi amalowabe pa zipi ndi m'misoko mvula ikalimba, ndiye wonyamula kamera amafunikanso chovindikira cha mvula.

Zipi ndi imene imayamba kufa. Nambala yake, 5, 8 kapena 10, imasonyeza kukula kwa mano m'mamilimita zipi ikatsekedwa, ndipo nthawi zambiri imalembedwa kuseri kwa kachitsulo kotsegulira. Chipinda chachikulu cha chikwama cha wamkulu chikhale ndi ya 8 kapena 10, matumba aang'ono ya 5 ndi yokwanira. Zipi za kampani ya YKK ndi zodalirika. Itsegeni n'kuitsegula kangapo, makamaka pokhota, muone ngati ikuluma nsalu.

Kenako kokani malamba a m'mapewa mwamphamvu pamene asokeredwa. Payenera kukhala msoko wobwerezabwereza, wothithikana. Mukaona mabowo a singano akuyasama pamene mukukoka, chisiyeni. Malambawo akhale otakata, a siponji m'kati, ndipo pakhale kalamba ka pachifuwa kowaletsa kuvuka pamapewa. Wokonda tizilombo amawerama ndi kugwada kosalekeza, ndipo chikwama chopanda kalamba kameneka chimamugwera m'khosi nthawi iliyonse akawerama. Matumba a m'mbali oikamo botolo asakhale a neti yopyapyala ngati munthuyo amalowa m'zitsamba, chifukwa minga imaing'amba msanga.

4. Werengani miyendo

Apa m'pamene mphatso imasonyeza ngati munaganizira munthuyo. Tizilombo ta gulu la gulugufe, njuchi, nyerere ndi chiwala tili ndi miyendo 6, tinyanga 2 pamutu, ndi thupi la magawo 3: mutu, chifuwa ndi mimba. Miyendo yonse ndi mapiko zimamera pachifuwa, osati pamimba. Kangaude ndi chinkhanira zili ndi miyendo 8 ndipo zilibe tinyanga, bongololo ndi namkalizi zili ndi miyendo yambiri, ndipo zonsezi si za gulu limeneli ngakhale ogulitsa amaziika pamodzi. Ngati munthuyo amakonda akangaude, gulani cha kangaude mosakayika, koma muchidziwe chimene mwagula.

Gulugufe ali ndi mapiko 4 ndi tinyanga towonda totupa kunsonga. Kadziwotche tinyanga take sititupa kunsonga: timakhala towonda mpaka kumapeto kapena tooneka ngati nthenga. Chithunzi cha mapiko a gulugufe wamasana chokhala ndi tinyanga ta nthenga n'chosakaniza. Koma musakane chithunzi chifukwa gulugufe akuoneka ndi miyendo 4 yokha. Agulugufe a banja la Nymphalidae, kuphatikizapo Danaus plexippus wa ku America ndi Danaus chrysippus wa ku Africa ndi Asia, amaima ndi miyendo 4, iwiri yakutsogolo ndi yaifupi ndipo imapindika pathupi. Wojambula wosonyeza zimenezi anamuyang'anitsitsa gulugufeyo.

Pali chinthu china chimene odziwa amachiona msanga. Zithunzi zambiri zimasonyeza gulugufe mapiko akutsogolo atakokedwera m'mwamba mpaka m'mphepete mwake mwa m'munsi mutapanga mzere wowongoka wopingasa thupi. Umu ndi mmene amayalira gulugufe wakufa akamamubaya ndi pini kuti asungidwe m'bokosi. Wamoyo akamaothera dzuwa mapiko akutsogolo amatsika, n'kuphimbako akumbuyo. Sikuti chithunzi chotero n'cholakwa, ndipo wosunga tizilombo ta kafukufuku angachikonde. Koma mukapeza cha gulugufe atatera pa duwa, akuoneka cham'mbali, ndicho ndingasankhe.

Njuchi ndiyo imanamiziridwa kwambiri. Ili ndi mapiko 4, ngakhale akutsogolo ndi akumbuyo amakolana n'kuoneka ngati awiri, thupi laubweya, ndi tinyanga tatitali topindika pakati. Pali ntchentche zina za mizere yachikasu ndi yakuda zofanana ndi njuchi, ndipo zithunzi zake zimasindikizidwa kawirikawiri m'dzina la njuchi. Mudzazizindikira ndi maso aakulu odzaza mutu wonse ndi tinyanga tatifupi kwambiri. Thupi likakhala losalala, chiuno chowonda kwambiri, chikasu chake chowala, amenewo ndi mavu. Mlimi wa njuchi sangalephere kuona kusiyana kumeneku. Zisa zikajambulidwa, kachipinda kalikonse kakhale ka mbali 6.

Tombolombo ali ndi mapiko 4 aatali, maso aakulu, ndi tinyanga tating'ono tovuta kuona. Akamujambula ndi tinyanga tatitali topotana, wojambulayo anangopeka. Chikumbu chimadziwika ndi mapiko olimba akunja okumana pa mzere wowongoka pakati pa msana. Mitundu ya zikumbu yodziwika ndi pafupifupi 400,000, ndiye wokonda gulu limeneli simungasowe chomupatsa. Kachikumbu kofiira ka madontho akuda kamene kali pa zikwama zambiri za ana ndi Coccinella septempunctata, ka madontho 7: atatu phiko lililonse ndi limodzi pakati pafupi ndi mutu. Chiphaniphani nachonso ndi chikumbu, ndipo kuwala kwake kumachokera kumapeto kwa mimba. Chiswamphika chili ndi mutu wa makona atatu, ndipo manja ake opindikawo ndi miyendo iwiri yakutsogolo, kotero yotsala ikhale 4.

Masiku ano zithunzi zambiri zogulitsa pa intaneti n'zopangidwa ndi kompyuta. Zikulitseni pafoni, muwerenge miyendo ndi mapiko a kachilombo kalikonse. Mudzapeza ena a miyendo 7, kapena phiko lomera pamutu. Njira yosavuta yopewera izi ndi kusankha zojambula zakale za akatswiri. Za Maria Sibylla Merian, wobadwira ku Frankfurt mu 1647, amene anapita ku Suriname mu 1699 kukaphunzira tizilombo, zimasindikizidwa pa nsalu mpaka lero, ndipo zambiri zimasonyeza mbozi, chikwa ndi gulugufe pamodzi ndi chomera chimene mboziyo imadya. Chikwama cha mwana wamng'ono chooneka ngati chidole musachiweruze mwankhanza chotere, bola miyendo ikwane 6.

5. Onani mmene chithunzi chinaikidwira

Yendetsani chala pachithunzi. Mukapanda kumva malire pakati pa chithunzi ndi nsalu, utoto unalowetsedwa mu ulusi ndi kutentha, njira yotchedwa sublimation. Imatheka pa poliyesitala, ndipo chithunzi chake sichisweka kapena kumatuka, chimangozilala pang'onopang'ono ndi dzuwa. Mukamva chinthu cha pulasitiki chomatidwa pamwamba, chokhala ndi m'mphepete mogwirika ndi chikhadabo, dziwani kuti tinyanga ndi miyendo, zimene ndi zowonda, zidzayamba kumatuka. Inki yosindikizidwa pamwamba pa nsalu imakhalitsa ikakhala yoonda, koma yonenepa imasweka pamene chikwama chimapindika. Pindani nsalu pakati pa chithunzi, muone ngati pakutuluka timizere toyera. Pukutaninso ndi kansalu koyera konyowa. Utoto ukatsalira pa kansaluko, udzatsaliranso pa malaya a munthu wotuluka thukuta.

Chithunzi chopeta ndi ulusi ndicho chokhalitsa, koma singano imaboola utoto wotchinga madzi uja kambirimbiri. Yang'anani kuseri ngati anamatako kansalu kotseka mabowowo.

Pogula pa intaneti, khulupirirani zithunzi zojambulidwa ndi ogula, osati za wogulitsa. Mukaona phiko la gulugufe likudutsa pa zipi ndi pa msoko osadukiza paliponse, chithunzicho anangochisanjika pa kompyuta, ndipo chikwama chenicheni chidzabwera chosiyana.

6. Mtundu, chitetezo, ndi tizilombo tenitenti

Munthu wofuna kuyandikira tombolombo kapena mbalame amafuna mtundu wosakuwa: wobiriwira, wa khaki, wotuwa. Ngati amayenda kumadera kumene kuli akashembe, pewani buluu ndi wakuda, chifukwa mitundu imeneyi imawakopa, ndipo misampha yawo amaipanga ndi nsalu za mitundu yomweyi. Wogwira ntchito pafupi ndi ming'oma asapatsidwe chakuda chaubweya, popeza njuchi zikamateteza mng'oma zimalunjika pa zinthu zakuda, n'chifukwa chake alimi ake amavala zoyera. Mwana woyenda m'mbali mwa msewu ndi wosiyana: iye afunika mtundu wowala ndi timizere tonyezimira tikawalitsidwa ndi galimoto.

Kwa mwana wosakwana zaka 3, kokani maso, timipira ta kunsonga kwa tinyanga ndi chilichonse chomatidwa. Chikagwedera chingathothoke n'kumutsamwitsa. Finyani tinyanga, mumve ngati muli waya, chifukwa nsalu ikatha wayayo amatuluka pafupi ndi khosi ndi nkhope. Mapiko otuluka kunja kwa chikwama amakola pa zitseko ndi nthambi. Zikwama za chiphaniphani zoyaka magetsi zimagwiritsa ntchito mabatire aang'ono ozungulira, ndipo batire lotere likamezedwa n'kukakamira kummero lingawotche mnofu koopsa m'maola awiri okha. Malo a batire akhale otsekedwa ndi sikuluwu, apo ayi musagule. Dzina la mwana lilembedwe m'kati, osati kunja kumene mlendo angaliwerenge n'kumuitana nalo.

Zolendewera za tizilombo tenitenti toumitsidwa m'pulasitiki, kapena zokongoletsa za mapiko enieni a gulugufe, musaike pa mphatso imeneyi musanadziwe maganizo a wolandira. Ambiri zimawapweteka mtima. Komanso mitundu ina ndi yotetezedwa ndi CITES, pangano la maiko loyang'anira malonda a nyama ndi zomera zakutchire, limene linayamba kugwira ntchito mu 1975. Ornithoptera alexandrae wa ku Papua New Guinea, gulugufe wamkulu kuposa onse, saloledwa kugulitsidwa kunja, ndipo ena a gulu lake amafuna chilolezo.

7. Kusokerera baji nokha popanda kuwononga chikwama

Mukapeza chikwama chabwino chopanda chithunzi, gulani baji yopeta ya kachilombo koona n'kuisokerera. Ambiri amangoti "sitani ndi simbi", ndipo zikwama zambiri zawonongeka ndi malangizo amenewo. Guluu wa kuseri kwa baji amafuna simbi yotentha madigiri pafupifupi 150 mpaka 160, pamene nayiloni amaloledwa simbi yoikidwa pa muyezo wotsikitsitsa, wa kadontho kamodzi, madigiri pafupifupi 110. Kutentha kokwanira guluu kumanyezimiritsa nsalu, kumakwinyitsa utoto wa PU, ndipo kukafika pa siponji kumaiphwetsa. Ngakhale nsalu ipulumuke, mankhwala othamangitsa madzi opakidwa kunja amaletsa guluuyo kugwira, baji n'kuyamba kutukuka m'makona. Simbi ndi yoyenera pa kanivasi wa thonje wosapakidwa phula basi. Zina zonse n'zosoka.

Sankhani baji ya masentimita 6 mpaka 9, imene kachilombo kali pakati pa bwalo lozungulira lokhala ndi mkombero wonenepa. Baji yodulidwa motsata miyendo ndi tinyanga ndi yokongola, koma nsonga zakezo zimakola m'zitsamba ndipo zimafuna mabowo ambiri. Mufunikanso ulusi wolimba wa poliyesitala kapena nayiloni, singano yakuthwa yowonda, chotetezera chala, choko, tepi yomata mbali zonse ziwiri, katoni kakang'ono, sipiriti, ndi mankhwala otsekera misoko amene amagulitsidwa pamodzi ndi zipangizo za matenti. Ulusi wa thonje ayi: umamwa madzi n'kuwalowetsa m'kati, kenako umafumbwa. Singano yosokera zikopa ayinso, chifukwa nsonga yake ya makona atatu imadula ulusi wa nsalu m'malo moupatula.

Malo abwino ndi thumba lakutsogolo kapena chivindikiro, kumene dzanja lanu lingafike kuseri ndiponso kumene kudontha pang'ono sikungafike pa katundu wamkulu. Musasoke kumbali yogunda msana, pa malamba, kapena pansi. Chikwama chimene misoko yake inamatidwa ndi kutentha kuti madzi asalowe n'komwe musachiboole ndi singano ngakhale kamodzi. Chimenecho chipatseni cholendewera pa kachingwe ka zipi.

Dzazani chikwama ndi zovala musanalembe malo. Chopanda kanthu chimanama, baji yooneka pakati imapezeka yapendama chikafufuma. Ikani baji, siyani masentimita 2 kuchokera pa zipi ndi pa msoko uliwonse, zungulizani ndi choko, kenako khuthulani zovala zija. Imatireni ndi tizidutswa tiwiri ta tepi pakati pake, kutali ndi mkombero kuti guluu wa tepi asamate singano. Mapini musagwiritse ntchito, pini iliyonse ndi bowo losafunika.

Tsopano lowetsani dzanja, mumve ngati kuseri kuli nsalu yam'kati kapena kathumba kena. Lowetsani katoni m'thumbamo kuti singano isagwire khoma lakumbuyo, chifukwa kulakwitsa kofala kwambiri ndi kusokera thumba lonse pamodzi n'kulitseka. Ngati nsalu yam'kati inasokeredwa moti simungafike kuseri kwa nsalu yakunja, sokani zonse ziwiri pamodzi zitayalidwa bwino, ndipo mudzatsekere mabowo pa nsalu yam'katiyo. Sikutseka kwathunthu, koma pathumba lakunja n'kokwanira.

Dulani ulusi wosapitirira masentimita 50, wautali umapiringizika. Mangani mfundo, yambirani m'kati, singano itulukire mu mkombero wa baji, mudutsitse ulusi pamwamba pa mkomberowo, n'kulowetsanso singano mu nsalu pafupi penipeni ndi m'mphepete. Siyani mamilimita 3 kapena 4 pakati pa msoko ndi unzake. Baji yozungulira ya masentimita 8 imazungulira pafupifupi masentimita 25, ndiye mudzasoka pakati pa ka 60 ndi ka 85. Musathithikanitse kuposa apa poganiza kuti mukulimbitsa. Mabowo oyandikana kwambiri amapanga mzere wong'ambikira, ndipo baji ikadzakola pa nthambi imachoka ndi nsalu yomwe. Musakokenso ulusi mwamphamvu: ungogona pa mkombero, nsalu isakwinyike. Mukasoka kotala, imani, yalani thumba pathebulo muone ngati baji ikadali mu mzere wa choko. Singano ikatulukira polakwika, bwezani pang'onopang'ono m'bowo lomwelo. Pomaliza mangani mfundo ziwiri m'kati.

Wosoka ndi makina aike singano ya 90/14 ndi msoko wa mamilimita 3, ayende pang'onopang'ono, ndipo asabwerere m'mbuyo kambiri pamalo amodzi. Mukapereka kwa telala, muuzeni zinthu zitatu: asasite, asabaye mapini, asatseke thumba.

Chotsala ndi kutseka mabowo, ndipo apa m'pamene ambiri amalekeza. Tembenuzani thumba, pukutani mzere wa ulusi ndi sipiriti, dikirani paume. Pakani mankhwala otsekera misoko mopyapyala, mzere wa sentimita imodzi m'lifupi, ophimba ulusi wonse ndi mfundo. Mankhwalawa alipo amitundu iwiri. Nsalu ya PU, yoterera mbali imodzi, imafuna a urethane. Nsalu yopakidwa silikoni, yoterera kwambiri mbali zonse ziwiri, imafuna a silikoni, chifukwa a urethane sagwira pamenepo, amangosendeka akauma. Siyani thumba lili lotsegula, mbali yopakayo isagunde nsalu ina, kwa maola 8 mpaka 12. Akauma amakhalabe omatamata pang'ono, ndiye wazanipo paudala kuti thumba lisadzimate. Yesani poika pepala lofewa m'thumba, tsekani zipi, wazani madzi pa baji kwa mphindi imodzi osalunjika pa zipi. Pepala likanyowa, onani pamene panyowapo n'kupakanso pomwepo. Chifukwa cha kuuma kumeneku, ntchitoyi yambani kutatsala masiku awiri kapena atatu kuti mupereke mphatso.

8. Zoikamo ndi kasamalidwe

Zinthu zochepa zopepuka zimasandutsa chikwama kukhala chida. Galasi lokulitsira zinthu ka 10 ndilo loyamba, ndipo muonetseni kagwiridwe kake: galasi liyandikire diso, chinthu chofuna kuonedwacho n'chimene chibwere pafupi, masentimita awiri kapena atatu kuchokera pagalasi. Onjezani kabuku ndi pensulo, popeza inki imayenderera pepala likanyowa, kabotolo koonekera m'kati kokhala ndi timabowo ta mpweya, ndi tochi yaing'ono ya woyang'ana akadziwotche usiku. Mwana mumuuze kuti kachilombo kakhale m'botolo mphindi zochepa, pamthunzi, kenako kabwezedwe pamene kanatengedwa. Buku lozindikiritsa tizilombo likhale la dera limene munthuyo amakhala, chifukwa la kontinenti ina lidzamusocheretsa. Wokhala ndi foni angagwiritsenso ntchito pulogalamu ya iNaturalist, kumene amatumiza chithunzi ena n'kumuthandiza dzina.

Mankhwala othamangitsa udzudzu okhala ndi DEET aikidwe m'kapepala ka pulasitiki kotseka paokha. Akatayikira amafewetsa mapulasitiki ena, amawononga utoto wotchinga madzi ndi zithunzi zomatidwa, ngakhalenso galasi lokulitsira ngati ndi la pulasitiki. Okhala ndi picaridin alibe vuto limeneli.

Lembani kasamalidwe pa kapepala, muike m'thumba. Chikwama chichapidwe pamanja ndi madzi ofunda pang'ono, sopo wosalimba ndi burashi yofewa, osakwecha pachithunzi. Makina ochapira, makina oumitsira ndi mankhwala oyeretsa amasenda utoto wa m'kati. Chiyanikidwe pamthunzi, chozondoka, mazipi onse ali otsegula, chifukwa dzuwa limazilalitsa chithunzi ndi kufooketsa nayiloni. Chisasungidwe chisanaumitsitse: chinyezi chimabweretsa nkhungu ndipo chimaphwanya PU pang'onopang'ono mpaka m'kati muyamba kumata, kununkha ndi kusendeka. Zipi ikayamba kulimba, chotsani mchenga m'mano ndi mswachi wakale, kenako pakani phula la kandulo pang'ono n'kuitsegula kangapo.